Wamchere ndi Lupanga Lopanda Agogo

Kalekale, ana anga, anthu amene anaona nkhondo zogwira akapolo asanathe kufa, kunali munthu wina wamalonda a mchere. Anthu ankangomutchula kuti Wamchere. Anali wolemera. Anali ndi abulu, nkhokwe zodzaza, ndi nyumba ya zitseko zamatabwa. Koma kwawo sankakudziwa. Anthu onyamula mchere anamutola ali khanda m'mbali mwa njira, nthawi ya nkhondo, ndipo anamulera iwowo. Tsono pamowa kapena pamaliro, anzake akamatchula maina a makolo awo, iye ankangoyang'ana pansi.

Mkazi wake anamwalira, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona. Wamchere ankamukonda mwanayo kuposa chuma chake chonse. Ndipo nkhawa inkamudya. Ankati mumtima, "Tsiku lina kudzabwera ofunsira mbeta. Adzafunsa kuti atate akewa ndi mwana wa yani. Ndidzayankha chiyani? Mwana wanga adzamukana chifukwa cha ine."

Mwina n'chifukwa chake ankakonda zida zakale. Ankagula mikondo, zishango ndi nkhwangwa zankhondo, n'kumazipachika pakhoma. Chaka china amalonda ochokera kunyanja yamchere anamugulitsa lupanga lachilendo, losulidwa mofanana ndi malupanga a ankhondo akale a kutsidya kwa nyanja. Linali lalitali, lowongoka, lakuthwa konsekonse, lokhala ndi chitsulo chopingasa pamwamba pa chigwiriro. Linkang'anima ngati madzi padzuwa.

Wamchere anaitana anzake kuti adzaone. Onse anayamikira. Koma wina, mowa utamulowa, anati, "N'lokongola, Amchere, koma n'logula. Lupanga lenileni sagula. Amakusiyira agogo ako."

Anthu anaseka. Nayenso Wamchere anaseka nawo.

M'mawa mwake anakulunga lupanga m'chiguduli, n'kupita kuchipala kwa Wosula, mmisiri wa zitsulo wa kutsidya kwa mtsinje.

"Amisiri, ndikufuna lupanga ili likalambe."

Wosula anasiya mvukuto wopemerera moto. "Anthu amabwera kuno kuti ndiwachotsere dzimbiri, inu mukuti ndiliike? Mawa mudzati ndikuzuleni mano kuti muoneke wamkulu."

"Sekani, koma chitani."

Tsono Wosula analikwirira m'matope a m'dambo osakaniza ndi mchere. Atalifukula, analipachika pautsi mpaka mwaye unalowa. Kenako analibenthula kukamwa ndi nyundo, apa ndi apo, ngati linakumanapo ndi zitsulo zinzake. Wamchere anapita nalo kwawo akumwetulira. Anauza anthu kuti logula lija analigulitsa, ndipo ili anamupatsa ndi wachibale wake amene anakumana naye kumsika wakutali. "Ndapeza kwathu," anatero. "Ili ndi la agogo anga."

Anthu anagwedeza mitu. Koma wina anafunsa, "Agogo anuwo anali yani?"

Wamchere anabwereranso kuchipala.

"Chotsani chigwiriro chachilendochi. Muike cha mtengo wa phingo, muchikulunge ndi chikopa cha njati ndi waya wamkuwa. Kumapeto musemeko mutu wa nyalugwe. Agogo anga anali Nyalugwe, mtsogoleri wa ankhondo."

"Agogo anuwa ndikuwasula ndine," anatero Wosula. "Ndiye kuti ine ndine atate awo. Muzindigwadira."

"Gwirani ntchito, inu."

Ntchitoyo inaoneka bwino kwambiri. Wosula anapukuta chikopacho ndi mafuta a nsatsi mpaka chinada ngati chagwiridwa ndi manja a mibadwo yambiri. Ndaziona ataliona, anakhala pafupi ndi atate ake.

"Atate, mukuvutikiranji? Ine ndine wa mbumba ya amayi. Wondifuna adzapita kwa amalume. Za agogo anu palibe adzafunse."

"Ndikuchitira iwe, mwanawe."

"Ine agogo achitsulo sindikuwafuna."

Wamchere anamusisita kumutu. Anaganiza kuti ndi chibwana.

Sipanapite nthawi, anthu anafunsanso. "Nyalugwe ameneyu anamenya nkhondo kuti? Ife sitinamumvepo."

Wamchere anaganiza kwambiri. Ankafuna malo opanda munthu womutsutsa. Ndipo anakumbukira bwinja lina limene ankalidutsa ndi abulu ake, lotchedwa Milambe Itatu. Mudziwo unatenthedwa pankhondo. Panatsala mphero, mapale, ndi milambeyo basi.

Anapita kuchipala kachitatu.

"Mulembe milambe itatu pachitsulopa. M'munsi mwake mudule timizere, mzere umodzi munthu mmodzi amene agogo anapha."

Ulendo uno Wosula sanaseke. "Amchere, Nyalugwe wanuyu ndi wopeka. Koma pa Milambe Itatu panafa anthu enieni."

"Anatha onse. Akufa salankhula."

"Mizere ingati?"

"Mpaka malo athe."

Wosula anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali. Koma dzanja la mmisiri limakonda ntchito yovuta, ndipo milambe yoteroyo anali asanalembepo pachitsulo. Tsono anatenga chosemera chake. Anadula mizere mpaka malo anatha.

Kuyambira pamenepo Wamchere anasintha. Pamowa ankamupatsa mpando. Pamaliro ankamupatsa mpata wolankhula. Anyamata ankabwera kudzaona mizereyo, n'kumanong'onezana kuti, "Uyu ndi mdzukulu wa Nyalugwe." Iye ankafotokoza nkhondoyo, ndipo tsiku lililonse moto wake unkakula.

Tsono kunabwera mnyamata wina wofula njuchi, dzina lake Kaliwo, wochokera kuseri kwa mapiri. Ankagulitsa uchi kumsika, pafupi ndi pamene Ndaziona ankagulitsira mchere wa atate ake. Anakondana. Kaliwo anatuma amalume ake, ndipo iwo anakaonana ndi amalume a Ndaziona, monga mwa mwambo. Za agogo a Wamchere palibe anafunsa.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Alendo anabwera ndi tambala wawo. Pakati pawo panali mayi a Kaliwo, mayi wamng'ono thupi, wa imvi mbuu. Amalume a Ndaziona anamukokera pambali Wamchere.

"Alamu, lero nkhani ndi ya ife ankhoswe. Inu ntchito yanu ndi kusekerera. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Anapatsana nkhuku. Azimayi anaimba nthungululu. Ndaziona anali chiweramire, koma kumwetulira kunkaonekera m'masaya. Zonse zinali zitatheka.

Koma Wamchere pampando panamutentha. Ankati mumtima, "Anthuwa apita osadziwa kuti mwana wanga ndi wochokera kwa anthu." Tsono analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lupanga.

"Asewere anga, muone banja limene mwalowa. Ili ndi lupanga la agogo anga, Nyalugwe. Ndi limene linagwetsa mudzi wa Milambe Itatu. Mzere uliwonse apa ndi munthu."

Anansi ake anawomba m'manja monga ankachitira nthawi zonse. Koma alendo sanawombe.

Mayi a Kaliwo anaimirira pang'onopang'ono. "Tandipatsani ndiligwire, bambo."

Analiika pamiyendo. Anayendetsa chala pa milambe ija. "Mlambe wapakatiwu uli ndi mphako," anatero. "Ine ndinali kamtsikana. Moto utayamba, amayi anga anandikankhira m'mphakomo, n'kutseka pakhomo ndi msana wawo. Ndinamva zonse. Kutacha ndinatuluka powakwawira pansi."

Chala chawo chinatsikira ku timizere tija. Ndipo anadzutsa maso.

"Tandionetsani, bambo. Amayi anga ndi mzere uti?"

Ana anga, apa mpata unalipo. Wamchere akanangoti, "Mayi, ndanama." Ndaziona anawayang'ana atate ake, maso ali pempho lokhalokha. Koma Wamchere anaona anansi onse aja amene ankamupatsa mpando.

"Zinali za nkhondo, mayi," anatero.

Mayiwo anaika lupanga pansi bwinobwino. Anamanga nsalu yawo m'chiuno. Alendo onse ananyamuka, osatsanzika, n'kusiya nkhuku imene anapatsidwa ili chimangire pabwalo. Kaliwo anacheuka kamodzi, amalume ake n'kumukoka dzanja.

Ndaziona sanalire pamaso pa anthu. Analowa m'nyumba, n'kugona choyang'ana kukhoma. Chakudya anakana. M'mawa uliwonse ankanena mawu omwewo: "Atate, pitani mukanene zoona."

Wamchere anazengereza. Ankati alendowo mtima ukatsika abwera okha. Koma sanabwere, ndipo mwanayo anayamba kuwonda. Tsono manyazi anagonja. Anatenga lupanga, anakatenga Wosula, ndipo anawoloka mapiri.

Anawapeza mayi a Kaliwo akusenda nyemba pakhonde. Wamchere, munthu wa abulu ndi nkhokwe, anagwada pafumbi.

"Mayi, ndinanama. Nyalugwe kulibe. Ine agogo sindiwadziwa, ananditola panjira nthawi ya nkhondo. Lupangali ndinagula lili latsopano. Silinapheko ngakhale khoswe."

"N'zoona," anatero Wosula. "Dzimbirili ndinaika ndine. Mizereyi ndinadula ndine. Chosemera chake ndi ichi."

Mayiwo anapitiriza kusenda nyemba mpaka za m'manja zinatha.

"Ndakukhulupirirani," anatero. "Koma mukuganiza kuti mwandibweretsera nkhani yabwino? Mukanakhaladi mdzukulu wa wakuphayo, ndikanati mwana sasankha agogo ake. Mwina tsiku lina mtima ukanatsika. Koma inu munachita kusankha. Munadutsa pabwinja lathu, munaona mapale a amayi anga, ndipo munasirira amene anawapha. Munapachika akufa athu pakhoma kuti anthu akupatseni mpando pamowa. Inu, amene nkhondo yomweyo inakutayani panjira!"

Anatembenukira kwa Wosula. "Nanga inu amisiri, podula mizereyi dzanja silinanjenjemere?"

"Linanjenjemera, mayi. Koma ndinadula."

Wamchere anakwawa ndi mawondo. "Langani ine. Ndaziona sanalakwe."

"Sanalakwedi. A pa Milambe Itatu nawonso sanalakwe. Mwana wanga akakwatira kwanuko, adzukulu anga adzakhala pamiyendo panu, adzakutchulani agogo. Zimenezo ine sindingazione ndi maso angawa. Pitani bwino, bambo."

Kaliwo anamva zonse ali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ming'oma yake ya njuchi. Misozi inkatsika. Koma anali mwana yekhayo wa mayi amene analibe wina aliyense padziko, ndipo sanawatsate alendowo.

Wamchere atafika kwawo, Ndaziona anangoona nkhope yake n'kudziwa. Anamanga katundu wake kuti azipita kumudzi kwa amalume ake. Pakhomo anaima.

"Atate, ine ndinkanyadira. Ndinkauza anzanga kuti atate anga anatoledwa panjira opanda ngakhale kansalu, koma anakula, anagwira ntchito, ndipo anandilera okha. Nkhani imeneyo ndinamuuzanso Kaliwo. Anati akufuna ana ake adzatenge mtima wa munthu wotero."

"Bwanji sunandiuze, mwanawe?"

"Ndinayesa. Munkamvera lupanga."

Ndipo anapita. Nthawi zina ankatumiza ufa ndi nkhuku, chifukwa atate ndi atate. Koma kudzakhalanso m'nyumba imeneyo sanabwere. Kaliwo anakwatira kwina.

Wamchere anakalamba yekha pakati pa mikondo ndi zishango za anthu ena. Nkhani inafala m'mudzi, koma inafala pawiri. Ena ankati ndi wabodza. Ena anakana, ankati lupanga lakale chonchija silinganame, mkuluyu ndi mdzukulu wa chigawenga ndithu, wangochita mantha. Ana akamuona ankathawa. Akulu akamuona ankasuntha mkeka. Atamwalira, ofotokoza mbiri pamanda anasowa chonena, chifukwa nkhani yake yeniyeni anali ataikwirira yekha.

Tsono mverani, ana anga. Misozi ya anzanu si chokongoletsera nyumba. Pamene ena anafera, musapayese posewera, ngakhale muganize kuti palibe wotsala, pakuti wotsala amakhalapo. Ndipo musachite manyazi ndi kumene munachokera. Kaya n'kochepa bwanji, kaya simukukudziwa n'komwe, nenani momwe zilili. Amene amakukondani amakukondani ndi mbiri yanu yomweyo. Dzina labwino sapita nalo kuchipala kuti akalisule. Mumalimanga nokha, ndi manja anu, ndipo inu mukadali ndi nthawi yambiri yomangira lanu.

Nthano yangayi, pamene yafikapa ndi pamene yathera.