Lenzi ya njovu pa bwalo la ntchemberembaye

Panali munthu wina wojambula zithunzi, ndipo kamera yake yaing'ono inkamudyetsa bwinobwino. Maukwati, zinkhoswe, mpira wa ana a sukulu, zonse ankajambulira yomweyo. M'tauni momwemo munali mnzake wa ntchito, Dzimbiri, amene anali ndi chilenzi chachitali ngati munsi, chojambulira njovu ndi mvuu kunkhalango. Akachikoleka m'khosi, anthu ankamupatsa njira. Mnzathu uja nsanje inkamudya. Zithunzi za Dzimbiri sankaziyang'ana n'komwe, maso ake anali pa chilenzicho basi.

Tsono mwana wamkazi wa mnzathuyu, Zione, ankasewera ntchemberembaye, ndipo timu yake inafika m'ndime yomaliza. Anali masewero ake otsiriza, poti bondo linali litayamba kumuvuta. Anapempha bambo ake chinthu chimodzi chokha, chithunzi chake akumwetsa chigoli. Bamboyo analonjeza. Koma atamva kuti Dzimbiri akakhalanso komweko, anati sangakaime pagulu ndi kakamera kaja ngati wophunzira ntchito. Anapita kusitolo ya makamera, napereka lenzi yake yaifupi pamodzi ndi njinga yake, n'kutenga chilenzi choposa cha Dzimbiri. Wogulitsa anamuchenjeza kuti bwalo la ntchemberembaye ndi laling'ono, ndipo lenzi yotero siona za pafupi. Iye anangoti, "Inu gulitsani."

Tsikulo anakakhala pafupi ndi golo, chifuwa patsogolo. Akaloza kamera kwa osewera ankangoona chigongono, mwina nsapato, zonse chimbuuzi. Wanzeru akanasunthira kutali. Koma iye ayi, anatembenuzira chilenzicho tsidya lina la bwalo kuti aone bwino chomwe Dzimbiri wabweretsa. Ha! Dzimbiri anali ndi kalenzi kakafupi, kofanana ndi kamene iye anataya kaja. Ali chiyang'anire, kukamwa yasa, nthungululu zinabuka bwalo lonse, chala chake n'kudina modzidzimuka. Zione anali atamwetsa chigoli chopambanira, pamphuno pa bambo ake penipeni.

Mwanayo anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. "Ababa, tandionetsani."

Pa kamerapo panali Dzimbiri, wooneka bwino mpaka ndevu imodziimodzi. Zione anayang'anitsitsa. Kenaka anabweza kamera ija ndi manja awiri, nawoloka bwalo kukafunsa chithunzi chake kwa Dzimbiri.

Mukuseka? Ine zimandipweteka, abale anga, chifukwa enanu ndimakuonani. Mnzanu akagula chinthu, tulo simugona. Simufunsa kuti ntchito yanu ikufuna chiyani, mumafunsa kuti uje ali ndi chiyani. Kamera ilibe mlandu, imajambula komwe mwini wake akuyang'ana. Musanasinthanitse chomwe muli nacho m'manja, tembenukani kaye muone amene waima pafupi nanu akudikira lonjezo lanu. Chigoli chija sichinamwetsedwe kawiri.