Lensi Yaitali ya Gracian

Pa Boma la Ntcheu palibe mkwatibwi amene sanakalipiridwepo ndi Gracian, wojambula zithunzi. Akati "Mwetulirani!", ngakhale apongozi okwiya amaonetsa usinini.

Tsono mwini loji ina ya m'mbali mwa M1 anaika thanki yagalasi ya tinsomba tamawangamawanga polandirira alendo. Analengeza kuti wojambula tinsombato bwino, mpaka mamba kuoneka, ndiye azijambula maukwati onse a pamalopo.

Sabata yomweyo mlamu wake wa Gracian, Fyson, anafika kuchokera ku Joni ndi malensi a kamera awiri ogulitsa: ina yaitali ngati munsi, ina yaifupi ngati kakapu.

"Alamu, tengani yaifupiyi," anatero Fyson. "Ndi ya makro, imaona tinthu ting'onoting'ono chapafupi. Mumaigunditsa pagalasi n'kudikira."

"Ine kudikira nsomba? Ndikalowe pa loji ndi kakapu, anthu aziti Gracian wasauka? Ndipatseni munsiwo!"

Yaifupi ija anagula Tracy, wojambula zithunzi za ziphaso pafupi ndi msika.

Tsiku la mpikisanowo litakwana, munsi wa Gracian unakana kuona chapafupi. Mkuluyo anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma. Kenaka anadzagogoda galasi ndi mphete, monga amachitira ndi aperekezi a ukwati: "Tiyeni, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo!" Tinsomba tinangoti balala, kukabisala kumiyala. Iye n'kumangowalitsa fulashi, phethiphethi ngati mphezi za mvula yoyamba.

Gracian atatopa, Tracy anakoka mpando, nagunditsa lensi yake pagalasi, n'kukhala duu ngati wodikira minibasi kuti idzaze.

"Achemwali, mwabwera kudzajambula kapena kudzakhuza maliro?" anafunsa Gracian.

"Ndikudikira akwati atuluke, achimwene. Awa saitanidwa ndi ukali."

Mwini loji ataona zithunzi za Gracian anagwira pakamwa. Munali kuwala kokhakokha, ndi mimba ya mwini kamera ikuonekera pagalasi.

"Nsomba yovala jekete iyi, bambo, ine sindinagule."

Pa za Tracy, kansomba kanali katatong'ola diso, mamba ake ochita kuwerengeka.

"Nsomba zanuzo n'zamwano, sizinalangidwe!" anatero Gracian, akutuluka. "Ndipo lensi yangayi sindisintha!"

Sanasinthedi. Loweruka lililonse amakhala pakhonde la situdiyo yake, munsi uli padiso. Poti umaona patali, umamuonetsa bwino lomwe Tracy akundandika akwati pa loji paja. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.