Masamba Ouma Pamthunzi

Kunali mayi wina ku Lizulu amene ankatchuka ndi kuphika. Kukakhala ukwati kumpingo, miphika ya ndiwo ankaisiya m'manja mwake. Koma chinsinsi chake sichinali m'manjamo ayi, chinali m'timapaketi ta zokometsera chakudya tomwe ankagula kugolosale. Ankang'amba kapaketi ndi mano, kukhuthulira mumphika, kutakasa kawiri, anthu n'kumanyambita zala. Mwamuna wake, bambo a Lonjezo, anatizolowera kwambiri timapaketito moti ndiwo zopanda kapaketi ankati n'chakudya cha kundende.

Tsiku lina bamboyo anagwa ali kumunda wa mbatata. Kuchipatala anapeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo adokotala anaitanira mayi uja pambali.

"Amayi, mchere muchepetse. Timapaketi tija musiyiretu, tadzaza mchere. Mukapitiriza, tsiku lina bambowa adzagwa osadzukanso."

Mayi uja anamvera. Koma chakudya chikabwera, bambo a Lonjezo ankangolawa kamodzi n'kukankhira mbale kutali. Sankakalipa. Ankangoti, "Ndakhuta, mayi a Lonjezo." Patatha milungu itatu anaboola bowo lina palamba wawo chifukwa buluku linkavuka, ndipo mankhwala ankagwera m'mimba mopanda kanthu. Mayiyo anachita mantha kwambiri. Kumupatsa kapaketi kunali kumupha, kumumana kunalinso kumupha, kungoti pang'onopang'ono.

M'kabati munali mutatsala kapaketi kamodzi. Anakatenga n'kuyang'anitsitsa chithunzi chake: anyezi, adyo, timasamba tobiriwira. Anadziseka yekha. Zaka zonsezi ankagula m'pepala zinthu zimene zimaunjikidwa milumilu pamsika wa kwawo komweko. Anapita kumsika, nagula adyo, anyezi wa masamba ake, ndi timasamba tonunkhira ta pasile, kuti apange yekha zokometsera zopanda mchere wambiri.

Tsono mayi wa kwathu kuno akamva zoumitsa masamba amadziwa njira imodzi, kufutsa. Anachita monga amachitira ndi nkhwani kapena khwanya. Anawiritsa masamba aja, nawayanika padenga la malata dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lachiwiri anali atauma gwa. Anasinja mumtondo, nasefa, nanunkhiza. Fungo lake linali la udzu wofolerera nyumba. Anathirabe m'ndiwo, ndipo mbale inabwerera kukhitchini monga inachokera.

Pafupi nawo pankakhala a Kamtedza, bambo wachikulire amene anagwira ntchito yophika m'hotela ina mumzinda mpaka kupuma. Mayi uja anawaonetsa ufa wakewo. A Kamtedza ananunkhiza, naseka mpaka kutsokomola.

"Mwawafutsa? Mayi, amenewa si nkhwani. Fungo lina munalitaya ndi madzi, lotsala lamwedwa ndi dzuwa. Adyo ndi anyezi, dulani mopyapyala, yanikani panja, palibe vuto. Koma masamba musawiritse. Mangani timitolo, mupachike m'nyumba pamthunzi, podutsa kamphepo."

"Mpaka liti, bambo?"

"Mpaka azifumbutuka okha m'zala. Masiku khumi, kapena kuposerapo."

Masiku khumi ndi ochepa kwa munthu amene kwawo onse akudya bwino. Kwa mayi amene mwamuna wake akutha thupi akuona, ndi chaka. Komabe anagula masamba ena, namanga timitolo, napachika pachingwe kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. M'mawa uliwonse ankakhudza. Anali ofota chabe, osaoneka ngati pakuchitika kanthu. Anzake odutsa ankaona denga lopanda kanthu n'kumati wagwa ulesi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi bambo a Lonjezo anangomwa tiyi, masana n'kukagona osadya. Mayi uja anatsegula kabati, natenga kapaketi kotsala kaja. Kanafika mpaka pamano. Akanathira theka lokha, mwamuna wake akanadya, ndipo palibe akanadziwa. Anaima nako nthawi yaitali, misozi ikulengeza, akuyang'ana timitolo tofota tija. Kenako anatuluka n'kukakaponya m'chimbudzi, poti ankadzidziwa yekha kuti kakakhala m'nyumba mawa adzasintha maganizo.

Tsiku la khumi ndi chimodzi anagwira tsamba limodzi, ndipo linafumbutuka m'zala likadali lobiriwira. Fungo linadzaza khitchini yonse. Anasinja masambawo pamodzi ndi adyo ndi anyezi amene anayanika panja, nawonjezera katsabola ndi kamchere ka kunsonga kwa supuni. Anatapako pang'ono, natakasira m'chambiko, nathira pa mbatata ya kachewere yowiritsa.

Bambo a Lonjezo analuma kamodzi, kawiri. Kenako anaika supuni pansi, nkhope itagwa.

"Mayi a Lonjezo, mwaiwala zimene ananena adokotala? Mwabwerera kumapaketi?"

Mayiyo anapita kukhitchini, nabwera ndi botolo la ufa wobiriwira, ndi chingwe chija chikadali ndi timitengo ta masamba.

Bamboyo anayang'ana chingwecho, nayang'ana mkazi wake. "Zijazi? Ine ndimayesa mwapachika zothamangitsira udzudzu." Anakokera mbale pafupi, nadya mpaka kupukuta ndi chala. Kenako anafunsa funso limene mayiyo sanalimve kwa mwezi wathunthu: "Yatsalako mumphikamo?"

Abale anga, ambirife chikhulupiriro chathu n'cha m'kapaketi. Timadikira Lamulungu kuti wina ating'ambire, atithirire, ife tizingomva kukoma. Pemphero atipempherere abusa, mawu atiwerengere mkulu wa mpingo. Ndipo tsiku limene moyo watikaniza kapaketi, matenda alowa m'nyumba, abusa ali kutali, timapeza kuti m'kabati mwathu mulibe kanthu. Ndiye timathamanga kufutsa. Timafuna Mulungu atiumitsire zonse pamasiku awiri, padenga, anthu akuona.

Koma zimene zimapatsa munthu moyo zimakonzeka pamthunzi. Ndi kapemphero kaja ka kuseri kwa chitseko, kamene palibe akuomberani m'manja. Ndi kuwerengera ana mawu a Mulungu pamene inuyo simukumva chilichonse mumtima. Mudzakhudza lero, mudzakhudza mawa, mudzaona ngati zangofota. Musafulumire kutsitsa. Mulungu amagwira ntchito ngakhale pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, pamene kapaketi kali pamano.

Mwina m'nyumba mwanu muli munthu amene wakhala akukankha mbale, mwana amene anasiya kupemphera, mwamuna amene safuna kumva za Mulungu. Musamuthirire zachidule kuti mungomuona akumeza. Pitani mukapachike timitolo tanu lero lomwe, ndipo mutisunge pamthunzipo mokhulupirika. Tsiku likubwera limene munthu yemweyo adzakokera mbale pafupi n'kukufunsani ngati yatsalako.