Kabawi Wokana Kubwerera M'mwamba

Pasukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege, wophunzira aliyense akatera ankalowa m'kachipinda ka mipando iwiri kukamva zolakwa zake. Ena ankatulukamo nkhope zitagwa, koma Kabawi ankatuluka akuimba mluzu. Dzinali anam'patsa ophunzira anzake chifukwa cha katsikidwe kake. Ankafika ali pamwamba kwambiri, liwiro lili lamnanu, kenako n'kuikakamiza ndege pansi ngati waona mwanapiye.

Mphunzitsi wake anali mayi waimvi, wosadziwa kunyengerera.

"Ikabwera chonchi usatere," ankatero mayiwo. "Onjeza moto, ubwerere m'mwamba, ukazungulirenso."

"Koma mayi, kakhumi konse ndatera, ndege osakandika n'komwe."

"Mwana wanga, kupulumuka si luso ayi. Msewu unali wouma, mphepo inakukondera."

Ha, kodi ankamva ngati? Pa zonse zimene mayiwo ankanena, Kabawi ankatolapo chimodzi, chija choti manja ake ngofewa pachiwongolero, zinazo n'kuzisiya pampando pomwepo. Mumtima ankati ngozi zimagwera amantha. Anali munthu wopanda mnzake. Ankadya yekha m'chipinda chake akuyang'ana khoma, ndipo mawu oyamikira ndiwo okha ankamutenthetsa mtima. Basi anakadandaula ku ofesi kuti mayiwo amamuda. Anam'patsa mphunzitsi wina, bambo wansangala amene ankangomusisita paphewa n'kumati, "Zili bwino, akulu. Tiyeni tikamwe tiyi."

Kutatsala sabata imodzi kuti ayesedwe mayeso a chiphaso choyendetsera ndege, chimene anasiyira ntchito kuti achipeze, Kabawi anauluka yekha. Pobwerera anapeza kamvula katawaza. Anaona ndi maso ake theka la msewu wa ndege likudutsa pansi pake, matayala asanagunde. Dzanja linafika powonjezera moto, koma mtima unati, "Si zomwe zija za masiku onse izi?" Anaikakamiza. Phula linali loterera, mabuleki osagwira. Ndege inatsetsereka mpaka m'matope kumapeto kwa msewu, tayala lakutsogolo n'kuthyoka, mphuno pansi. Kunangoti zii.

Iye anatuluka wamoyo. Koma akuluakulu a sukulu atafunsa, bambo wansangala uja anayang'ana nsapato zake.

"Ine ndinamupeza ali kale ndi khalidwe limeneli," anatero.

Akuluakuluwo anamuchotsa sukulu Kabawi tsiku lomwelo. Kabawi anakhala pabenchi pageti, chikwama pamiyendo. Ophunzira anzake ankadutsa akuyang'ana kumbali. Amene anabwera n'kukhala pambali pake anali mayi waimvi uja yekha.

"Ndinkaopa kudzakutola m'chitsulo chija uli mtembo," anatero mayiwo chapansipansi.

"Ine ndinkayesa mumandida, mayi."

"Ndikanakuda, bwenzi ndikukuombera m'manja."

Kabawi anabisa nkhope m'chikwama n'kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Anazindikira mochedwa, mapiko atathyoka kale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.