Botolo la Kansanza Kofiira

Panali telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo, m'katauni ka m'mphepete mwa msewu. Maso ake anali akuthwa. Ulusi ankaulowetsa pa singano kamodzi kokha, osaunyambita n'komwe, uku akucheza ndi odutsa. Analinso ndi nzeru imodzi imene anaitola kwa ogulitsa nsalu: nsalu yabwino saiyala poyera. Imagona pansi pa tebulo, yokulungidwa, kudikira munthu wodziwa kukakamira. Zaka makumi atatu, nzeru imeneyi sinamunamizepo.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Nyembezi, ankakwatiwa. Telala anakana kuti diresi la ukwati lisokedwe ndi munthu wina. Analidula yekha, n'kulisoka mosathamanga, mikanda yoyera n'kumaika umodziumodzi ngati akubzala mtedza. Kutatsala masabata awiri, diresi linali litatha lonse, kupatula mkono wakumanzere.

Loweruka lina anaphimba makina ake.

"Mkono umodzi ndi ntchito ya Lolemba," anauza mwana wake. "Lero ndikalawe chimene alendo athu adzamwe."

Kuseri kwa phiri kunali mayi wina, a Nasimango, amene ankatcheza kachasu wa masau. Ankachita mwaukhondo, m'kanyumba ka malata, n'kumathira m'mabotolo omata pepala la dzina lawo. Loweruka lililonse ankalandira alendo odzaona ntchitoyo ndi kulawa. Tsiku limenelo alendo analipo asanu, telala wachisanu ndi chimodzi, amene anauza mayiwo kuti akukwatitsa mwana.

Mayiwo anayamba kuwaonetsa migolo imene masau ankasasiramo. Atavundukula umodzi, thovu linali kunong'ona lokha, ngati muli anthu ang'onoang'ono akukambirana za mvula. Kenako anawalowetsa kumene kunali mphika waukulu wa mkuwa, utakhala pamoto. Pamwamba pake panachoka paipi, yodutsa m'madzi ozizira, n'kukatulukira pakamwa pa botolo.

"Ndagi!" anatero a Nasimango.

"Gize!" anayankha alendo akuseka, poti anali atasiya kalekale zimenezi.

"Mwana wanga amadya zowola, amalira misozi yoyera, misoziyo n'kuyaka moto."

"Si mphikawu, mayi?" anatero telala. "Mwatiyesa a sitandade wani?"

"Eee, a Telala! Maso muli nawo."

Analidi nawo. N'chifukwa chake anaona chimene anzake sanachione. Madontho oyamba atayamba kugwa, mayiwo anatchera botolo lomangidwa kansanza kofiira pakhosi. Litafika pakati, analichotsa mwakachetechete, n'kuliika kuseri kwa chitseko, n'kutchera lina. Lachiwirili ndi limene anathirira alendo m'timatambula.

Kachasuyo anali wabwino. Ankalowa mofewa, n'kusiya fungo la masau akupsa kukhosi, ngati dzuwa la mwezi wa Ogasiti lasungunuka m'kamwa. Alendo anayamika. Koma telala mtima wake unali kuseri kwa chitseko.

"Mayi," anatero, "ife mwatipatsa wa alendo. Nanga wa abale?"

"Uti umenewo?"

"Uja wavala duku lofiira."

"Uja ndi mutu, bambo, woyamba kudontha. Si wa munthu. Ndimadikira moto uzime, ndikauthire kudzala. Umadya maso."

"Umadya maso a ife osauka, a mabwana n'kuwasiya?"

Alendo anaseka. A Nasimango sanaseke.

"Mayi anga ankautaya, inenso ndimautaya. Kansanzako ndamangira dala, kuti dzanja langa lomwe lisalakwitse. Onjezerani uwu, a Telala. Ukwati wa mwana wanu ukoma ndi uwu."

Telala anangomwetulira. Mawu oterewa anali atawamva kambirimbiri kwa ogulitsa nsalu. Nsalu imeneyo ili ndi mwini wake. Imeneyo njothimbirira. Imeneyo imasuluka. Ndipo nthawi zonse, akakakamira, imeneyo ndi imene inkakhala yabwino kuposa zonse.

Alendo atatuluka kukaona masau oyanika pathandala, iye anatsalira ngati akumanga chingwe cha nsapato. Anatambasula dzanja kuseri kwa chitseko, botolo n'kulowa m'jekete. Anadziuza kuti chinthu chopita kudzala sichibedwa.

Pobwerera anakhala pansi pa mtengo, pakati pa njira, dzuwa lili paliwombo. Anatsegula. Fungo linamulasa m'mphuno ngati la guluu womatira nsapato.

"Ehe," anatero yekha, "mphamvu yake ndi imeneyi. Ankandibisira."

Analawa, n'kutsokomola, n'kulawanso. Ankafuna atsimikize asanakauze mayiwo kuti wa ukwati akhale wotere. Anatsimikiza mpaka botolo linauma. Botololo analiponya patchire, koma kansanza kofiira anakapinda bwino n'kukaika m'thumba, poti telala sataya nsalu.

Lamulungu anadzuka mutu ukuwawa, m'mimba mukupota. Anati ndi matsire chabe, n'kugona tsiku lonse. Nyembezi atati apite kuchipatala, anamukalipira. Akanakanena kuti wamwa chiyani, ndipo wachitenga bwanji?

Lolemba m'mawa anadzikoka mpaka pakhonde lake. Anavundukula makina, n'kuyala mkono wakumanzere uja pamiyendo.

"Nyembezi, lero kwachita nkhungu eti?"

"Nkhungu iti, bambo? Dzuwa lonseli?"

Anatenga ulusi, n'kulunjika pa singano. Unadutsa pambali. Anayesanso, unadutsa pambali. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, anaunyambita. Koma singano inali itasungunuka mu utsi woyera, ndipo utsiwo unkayenda, kumeza makina, kumeza msewu, kumeza nkhope ya mwana wake kuyambira m'mbali.

Nthawi yomweyo anamva mapazi othamanga, ndi mawu a munthu wopuma mwawefuwefu. Anali a Nasimango. Anali atazungulira misika itatu kuyambira Loweruka madzulo, kufunsa telala amene akukwatitsa mwana, poti dzina lake sankalidziwa.

"A Telala, botolo lija lili kuti? Nenani kuti simunatsegule."

 Telala anapisa m'thumba, n'kutulutsa kansanza kofiira.

Mayiwo anangoti pansi khu, pafumbi pomwepo, manja pamutu.

Kuchipatala, dokotala anamuunika m'maso ndi kanyali. Telala anamva kanyaliko kakudina, koma kuwala kwake sanakuone.

"Mukanabwera Loweruka lomwelo, kapena dzulo m'mawa," anatero dokotala. Sanamalize. Panalibe chomalizira.

Ukwati unachitika pa tsiku lake. Mkono wakumanzere anausoka telala wina wa kumsika, mofulumira. Asanapite kutchalitchi, Nyembezi anabwera kudzagwada pamaso pa bambo ake, atavala diresi lija.

"Sendera kuno, mwanawe."

Anayendetsa zala pa mkono wakumanja. Msoko unali wowongoka, wosalala, wake. Anauzindikira ngati mmene munthu amazindikirira mawu a m'bale wake pagulu. Anayendetsa zala pa wakumanzere. Msoko unali wokhota, ulusi wothina, mikanda itatu itasoweka.

"Mikanda ikuwala?" anafunsa.

"Ikuwala kwambiri, bambo."

"Anthu akuti chiyani?"

"Akuti diresi lotere sanalionepo."

"Inenso," anatero telala.

Ndipo anagwirabe mkono wokhotawo, osausiya, mpaka galimoto inaliza hutala kachitatu, azakhali a mkwatibwi n'kubwera kudzamasula zala zake chimodzichimodzi.

Iwe amene ukumva, telala uja sanali chitsiru. Chimene chinamupweteka ndi nzeru yoona, imene inamudyetsa zaka makumi atatu, koma anaitenga n'kulowa nayo m'nyumba ya ntchito ya eni ake. Si chilichonse chobisidwa chimene chili chuma. China amachiika kuseri kwa chitseko chifukwa chokumvera chisoni. Amene wapsa manja pa mphikawo akakuuza kuti ichi si cha munthu, usamuyese wogulitsa nsalu. Ndipo ngati watenga kale, nena lero lomwe, manyazi asakugoneke mpaka Lolemba. Nkhungu ya m'mawa imachoka dzuwa likakwera. Ya telala uja ilipobe mpaka pano.