Manda a Anthu Amene Anapsera Kumwamba

Kalekale, msewu wa tala usanafike kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, a Kamtedza, agogo anga amene inu simunawaone. Ntchito yawo inali yokumba manda, ndipo kuuma mutu kwake, eee, ngati chitsa!

Mwana wawo Lingisoni anapita ku Joni, mgodi n'kumugumukira. Kunabwera kalata yokha, mtembo ayi. Amayi ake, a Nangozo, anakana kulira. "Ndilire chiyani? Mwandionetsa mtembo?" Zaka zisanu, ana inu, zaka zisanu akuonda, akupita pa siteji kukayang'ana otsika basi. A Kamtedza ankaopa kuti adzaikanso mkazi.

Tsiku lina wailesi ya pagolosale inalengeza kuti chombo cha kumaiko akutali, chopita mlengalenga, chaphulika, ndipo onse anali m'katimo apsera kumwamba. Anthu anangoti, "Amakafunako chiyani?" A Kamtedza anafunsa chimodzi: "Nanga aikidwa kuti?"

M'mawa mwake anatenga khasu n'kukakumba dzenje m'mphepete mwa manda. Anadula thunthu la nthochi n'kulikulunga mumphasa, monga timachitira munthu akafera kosaoneka. Anthu kuseka! "Achimwene, anthu amenewa mumawadziwa? Olo dzina limodzi?"

"Sindiwadziwa," anatero iwo. "Koma anatsanzika kwawo kuti abweranso."

Mukuganiza kuti panabwera munthu? Ngakhale mmodzi! A Kamtedza anayimba okha nyimbo ya maliro, mawu akewo osasa.

Kenako anatulukira a Nangozo, atamanga nsalu zolimba, kudzakalipa. "Bambo a Lingisoni, mukundichititsa manyazi!" Koma ataona mphasa ija m'dzenje, anaima chilili.

"Amayi awo a anthuwa auona mtembo?" anafunsa a Nangozo.

"Ayi. Ndipo sadzauona."

"Ndiye akulira choncho, popanda kanthu?"

"Akulira, mayi."

A Nangozo anagwada, anatapa dothi, n'kuliponya pamphasa. Kenako mfuu: "Lingisoni mwana wanga ine!" Mudzi wonse unabwera chothamanga, oseka aja ali patsogolo, ndipo anakhala pamaliro masiku atatu. Basi ya mawa lake inadutsa popanda woidikira.

N'chifukwa chake ife a kwa Kamtedza, tikamva kuti anthu afera kutali, kaya kumwamba kaya pansi pa nthaka, timasiya khasu tsiku limenelo. Sitidikira kuona mtembo kuti tilire, ndipo sitifunsa kuti anali mwana wa yani.