Dzanja Lobwereka

Pamudzi wina panali mkulu wosaona ndi wosamva. Matenda anamulanda maso ndi makutu ali kale bambo, koma pakamwa anamusiyira. Poti sankadzimva yekha, ankalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje, moti akati anong'one, mudzi wonse unkamva.

Dziko lake linali la m'manja, m'mphuno ndi kumapazi. Mvula ankaimva fungo isanagwe. Chigayo akachiliza, ankati nthaka yagwidwa malungo. Dzuwa ankati ndi mlendo amene amakusisita tsaya ili m'mawa, madzulo n'kutsanzikira tsaya linalo. Za anthu ankangoti, "Munthu ndi dzanja. Zankhopezo ndi mphekesera za inu openya."

Mkuluyu ndiye anali mwini mbumba. Namakhwa, mwana wa mlongo wake, ankamutsogolera ndi kumuuza nkhani pomukanda m'chikhatho ndi chala. Ofunsira Namakhwa onse ankalidziwa lamulo: dzanja liyambe lafika kwa malume. Akalikana, ukwati palibe.

Tsono panali mnyamata wina wooneka bwino, wa pakamwa pozuna, amene khasu ankalipatsa moni patali. Ntchito yake inali bawo, ndipo manja ake anali osalala ngati a khanda. Mnyamatayu ankamufuna ndithu Namakhwa, koma lamulo lija linamuopsa. Anapita kwa msuweni wake, woumba njerwa, munthu wamanyazi wosadziwa kukana. Anamuuza kuti akakhale kumbuyo kwake, akapise dzanja kunsi kwa khwapa lake. Mkulu wosaona, wosamva, akadziwa bwanji?

Tsiku litafika, anakhala pamphasa, ankhoswe ali pomwepo. Wabawo anakhala kutsogolo atavala jekete, msuweni atabisala kumbuyo. Dzanja linatuluka m'khwapa. Ankhoswe anayang'ana kumbali ndi manyazi.

Mkulu uja analilandira, nayamba kuliwerenga chala ndi chala. Linali lokhakhala ngati chitsononkho, m'zikhadabo muli dothi. Nkhope yake inawala.

Namakhwa anaona zonsezo. Kukanda kumodzi kokha kukanaulula chinyengocho. Anayang'ana wajekete, anasuzumira mwini dzanja, nangowerama, chala chake chili phee.

"Ili ndiye dzanja!" anatero mkuluyo, nkhuku n'kubalalika pabwalo. "Bwera kuno, mkamwini, ndikuone bwino."

Anakoka monga mozula chinangwa. Unatuluka mkono, linatuluka phewa, kenaka msuweni yense anagwera pamiyendo pa mkuluyo, thukuta lili kamukamu. Mkulu anamusisita mutu, nafunsa Namakhwa ngati akumufuna ameneyu. Apo ndiye chala chija chinagwira ntchito, ndipo chinavomera mosazengereza.

Wabawo anadzuka n'kuyamba kufotokoza. Anati wofunsira ndi iyeyo, winayu ndi woperekeza chabe. Analumbira, anakuwa, anatchula ndi mtengo wa jekete. Analankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, kungoti ankalankhula ndi munthu wosamva. Mawu atamuthera, anachita chimene akanachita poyamba: anapereka dzanja lakelake.

Mkulu analigwira, nalitembenuza mwachifundo.

"Mwanayu ndi wa yani? Mupatseni mtedza akasewere panja. Pano tikukamba za akuluakulu."

Ukwati unachitika atakolola. Wabawo anabwerako, nakhala kumbuyo, ndipo anthu amati sanadye.

Inu anyamata mukusekanu, ndikunena ndi inu. Ambiri a inu mwazolowera kuonekera ndi thukuta la anzanu, kusukulu, kuntchito, ngakhale muno m'tchalitchi, poyesa kuti wokuyesaniyo saona ndipo samva. Mwina saonadi. Koma mukabwereka dzanja la mnzanu kuti mukalandirire dalitso, musadzalire likadzapita kwa mwini dzanja.